Chipolopolo Chimene a Sikelo Sanataye

Malemu achimwene anga, amene ambiri mwa inu simunawadziwe ndi dzina lina koma lakuti a Sikelo, anabadwa pa 9 Juni 1944, oyamba m'banja la ana asanu. Ine ndaima panoyu ndine wotsiriza, ndipo ndatsala ndekha. Banja linandisankha kuti ndiwerenge mbiri yawo, n'kundilangiza kuti chaka cha 1996 ndichidumphe. Ndikupepesa kwa banja pamaso pa anthu onse, chaka chimenecho sindichidumpha. Mwana wawo woyamba, uyo wakhala kumbuyo pafupi ndi khomo, amene nonse mumamuitana kuti Mtovu, wakhala zaka 28 akudziwika kuti anapha munthu, ndipo lero dzina limenelo alitula pano. Abusa, mundipirire. Ndifika kumeneko mwadongosolo, chifukwa malemu ankadana ndi munthu wolumpha mizere.

Anayamba sukulu mu 1951 ndipo anamaliza mu 1962. Masamu ankakhoza, maphunziro ena onse ankati ndi nkhani za anthu aulesi. Bambo athu anali ndi kasitolo ka misomali, utoto ndi maloko, ndipo kumeneko ndi kumene malemu anapeza chibwenzi chawo choyamba, sikelo ya pa kauntala. Bambo akayeza misomali ya wogula, achimwene ankadikira kuti atembenuke n'kuyezanso, ndipo ikapitirira ankachotsamo msomali umodzi wogulayo akuona. Ife ang'ono awo akatituma madzi, ankaviika chala mu ndowa kuti aone pamene madzi alekezera. Chala chikapanda kunyowa mpaka mfundo yachiwiri, khofi linali lako. Dzina la Sikelo linachokera kumeneko. Iwo ankalikonda, ankaganiza kuti tikuwatamanda.

Pa 1 Malichi 1965 analembedwa ntchito ku nthambi yoona za nyama zakutchire, m'gulu la alenje otumidwa kukapha nyama zimene zavuta anthu: njovu yolowa m'minda, mkango wozolowera khola, njati yovulala. Anagwira ntchitoyi zaka 39, ndipo zoona ndinene, panalibe wowaposa. Ambiri muno munakolola chifukwa cha iwo, ndipo ena mwabwera ndi miyendo yonse iwiri chifukwa cha iwo. Zimenezo palibe angawalande.

Chimene chinawatchukitsa sikunali kulunjika kokha ayi, koma kudziwa zipolopolo. Kwa inu amene simunakhalepo nawo pakhonde n'kumva ulaliki wawo, ndifotokoze pang'ono, chifukwa kutsogoloku mukufunika kumvetsa. Chipolopolo chimayezedwa ndi kamuyezo kotchedwa gireni, ndipo magireni 15 ndi kanthu ndiwo galamu imodzi. Malemu ankati mfuti iliyonse ili ndi kulemera kumene imakonda, ndipo ukaidyetsa zina imakuchititsa manyazi. Ya .22 ndi magireni 40, ya nkhanga ndi yophunzirira. Ya .243 ndi magireni 100, imathera pa gwape ndi insa. Mlendo wina anabwera nayo kuti akasake nchefu, malemu anamufunsa ngati akufuna kukaipha kapena kukaikanda pamene yayabwa. Ya .270 ankaipatsa magireni 130 nswala ikakhala patali pamtetete, koma 150 pamene pali zitsamba. Ya .303, imene anayambira ntchito, ankaitchula ngati mkazi wakale amene anasiyana naye mwamtendere. Ya .30-06 ankati magireni 180 ndiwo kwawo, kwa ngoma ndi nguluwe, ndipo 220 kwa nchefu. Ya .458 ndi magireni 500, ya njovu basi. Koma imene ankaipukuta Lamlungu ena tili ku tchalitchi inali ya .375, ya magireni 300.

Kupatula kulemera, pali mitundu iwiri. Chipolopolo cha mtovu chili ndi mutu wofewa. Chikalowa m'nyama chimafutukuka ngati bowa, chimang'amba m'kati, chimataya kulemera kwina n'kuima momwemo. Cha mkuwa n'chokutidwa chonse, sichipindika, chimaboola fupa n'kupitirira, ndipo kawirikawiri chimatulukira kuseri chili chathunthu. Alenje anzawo onse ankati pa njati ya m'tchire lothithikana, choyamba kuwombera chizikhala cha mtovu, chifukwa sudziwa amene waima kuseri kwa nyamayo. Malemu ankawaseka. Ankati mtovu ndi wa anthu okayika, ndipo mu .375 yawo ankaikamo mkuwa wokhawokha, kuyambira choyamba mpaka chotsiriza. Mfundo imeneyi muisunge.

Pa 20 Disembala 1969 anamanga banja ndi mlamu wanga, telala wa madiresi, mayi amene ukafika pa geti unkayamba wamva kuseka kwawo. Patatha zaka zisanu, pa geti paja unkangomva makina osokera. Anadalitsidwa ndi ana atatu: mnyamata mu 1971, mtsikana mu 1974 ndi mnyamata wina mu 1978. Ana ankawayezanso ngati zipolopolo. Mtsikana ankamuti .22, phokoso lokhalokha. Wotsiriza ankamuti .243, liwiro lambiri koma kanthu kalibe. Woyamba yekha ndi amene ankamuyang'ana kawiri, ndipo anawatsatira ku ntchito mu 1993. Mwanayu ankawapembedza bambo ake. Zaka zitatu anapempha kuti amulole kugwira .375, iwo ankati phewa lake silinakhwime, akhale kaye ndi .30-06 ndi mtovu wake wa 180.

Kuseri kwa nyumba yawo kuli kachipinda kamene palibe wa ife analowamo iwo ali moyo. Nyama iliyonse imene anagwetsa, ankaitumbula okha n'kufufuza chipolopolo mpaka atachipeza. Ankachitsuka, kuchiika pa kasikelo kawo ka mbale ziwiri, kenako m'kabotolo ka mankhwala, n'kumatapo kapepala: tsiku, nyama, mfuti, mtundu, kulemera kwa poyamba ndi kumene kwatsala. Ankanyadira kuti sanatayepo chipolopolo chimene anachipeza, ndiponso sanalembepo bodza pa botolo. Pa mfundo ziwirizi ndikuwaikira umboni lero, ankanena zoona. Kiyi wa kachipindako ankamuvala m'khosi pa chingwe cha nsapato.

Tsopano ndafika. Lachitatu pa 14 Ogasiti 1996 anatumidwa kukapha njati imene inali ndi waya wa msampha pa mwendo ndipo inali itavulaza kale anthu awiri. Anapita atatu: malemu ndi .375, mwana wawo woyamba ndi .30-06, ndi wolondola mapazi amene tinkamutcha a Kalondolondo, munthu amene anayenda patsogolo pa malemu zaka 21 osanyamula mfuti. Cha m'ma 9 koloko m'mawa, m'udzu wotalika kuposa munthu m'mbali mwa khwawa louma, a Kalondolondo anazungulira kutsogolo kukaona kumene mapazi alowera. Njati inadzuka pakati pawo. Mfuti ziwiri zinalira pafupifupi nthawi imodzi, njati inagwa, ndipo kuseri kwake, mapazi makumi atatu, a Kalondolondo anali gone atagwira m'munsi mwa nthiti. Mwana wathuyu ndi amene anawanyamula mpaka ku galimoto ndi kuyendetsa. Anafika ku chipatala atatsirizika kale. Malemu anatsalira kutchire, akuti kulondera nyama. Lero tikudziwa kuti anatsalira kuitumbula monga mwa chizolowezi chawo.

Dokotala anachotsa chipolopolo m'thupi, anachikulunga m'thonje n'kupatsa wapolisi. Onse awiri za mfuti sankadziwa kanthu, ndipo m'dera lonse katswiri anali mmodzi. Wapolisi anachitengera kwa a Sikelo kuti amuuze chachokera m'mfuti iti. Iwo analowa nacho m'kachipinda kaja okha, anakhalamo mphindi zochepa, n'kutuluka ndi thonje lomwelo. Ku khothi anaima atavala suti, anaika kasikelo pa tebulo, ndipo pamaso pa woweruza anayeza chipolopolo chofutukuka cha mtovu. Anati ndi cha .30-06, chinali cha magireni 180, kwatsala 151. Anati mwana wawo anachita mantha n'kuwombera mosaona. Ananena zonsezi osaphethira, ndipo anthu anatuluka akuwayamikira kuti ndi bambo wachilungamo, wosakondera ngakhale magazi ake. Ineyo ndinawagwira chanza pa masitepe a khothi.

Mwanayu sanatsutse. Loya anamuuza kuti akane mlandu, iye anati sikelo ya bambo ake sinama. Anakhulupirira ndi mtima wonse kuti wapha munthu amene anamuphunzitsa kuwerenga mapazi. Anamulamula zaka zisanu ndi ziwiri. Pa masitepe pomwepo malemu anauza anthu kuti iwo alibe mwana wotere, uyu ndi mtovu, wofewa, wofutukuka posayenera. Dzina linamumatira tsiku lomwelo, ndipo ife tonse tinathandiza kulimata.

Panthawiyo mwanayu anali atangokwatira, ndipo mwana wake wamkazi anali ndi miyezi isanu. Apongozi anabwera kudzatenga mwana wawo ndi khandalo, ndipo mtsikanayo anakula akuuzidwa kuti bambo ake ndi wakupha. Mlamu wanga analetsedwa kukamuona mwana wawo ku ndende. Anamusokera malaya atatu, malemu anawapeza n'kuwasandutsa nsanza zopukutira mfuti. Mlamu anatisiya pa 3 Meyi 2001 asanamuonenso mwana wawo, ndipo malemu anakana kulemba kalata yopempha kuti abwere ku maliro. Anati pa maliro pakhala anthu aulemu.

Mwanayu anatuluka m'ndende mu 2003. Khomo loyamba limene anagogoda linali la bambo ake, ndipo silinatsegulidwe. Lachiwiri linali langa. Ndinatsegula, ndinamuona ataonda ndi kajumbo m'manja, ndipo ndinamuuza kuti m'nyumba muli ana aang'ono. Ndinatseka. Ndikunena izi kuti wina asaganize kuti ndaima pano ngati woyera. Manyazi amene ndili nawo lero sindinakhalepo nawo chibadwire.

Anapeza ntchito yomata matayala m'mbali mwa msewu, ndipo ndi imene akugwira mpaka lero. Mfuti sanaigwirenso. Chaka chilichonse pa 14 Ogasiti ankapita kukalambula manda a a Kalondolondo, ndipo mayi amasiye, awo akhala kutsogoloku, akamupeza ankamuthamangitsa ndi miyala. Chaka chotsatira ankapitanso. Mwana wake atakwatiwa mu 2019, anaima tsidya lina la msewu kuona galimoto zikudutsa, chifukwa anamutumizira uthenga woti asayandikire. Malemu anakhala pa tebulo lapamwamba ndipo analankhula m'malo mwa bambo wa mkwatibwi.

Malemu anapuma pa ntchito mu 2004 ndipo anapatsidwa chiphaso chaulemu. Achinyamata ankabwerabe kudzafunsa kuti mfuti yakuti ifuna magireni angati, ndipo iwo ankayankha mosaphonya. Akafuna kuwachenjeza za mantha, chitsanzo chawo chinali mwana wawo, ndipo ankatchula ndi nambala yomwe, 151.

Pa 2 Febuluwale 2021 anagwa ku bafa ndi matenda a sitiroko, mbali ya kumanja n'kufa. Mtsikana ali ndi banja lake kutali, wotsiriza anati ntchito siimulola, ine ndinati msana. Amene anabwera ndi amene sanaitanidwe. Zaka zitatu ndi miyezi isanu ndi itatu, Mtovu ndi amene ankawatembenuza, kuwadyetsa ndi supuni, kuwameta, kuchapa zofunda zimene ena tinkazipenyera patali titagwira mphuno. Powasambitsa ankanyamula kiyi uja ndi dzanja limodzi kuti chingwe chisanyowe, n'kumubwezera pachifuwa. Lilime la malemu linalemera koma silinafe. Dzanja la mwanayu likadontheza phala, ankamuuza kuti dzanja lomwelo ndi limene linapha munthu. Ine ndinamva ndi makutu angawa, osati kamodzi. Mwanayu ankangopukuta chibwano chawo n'kupitiriza.

Sabata yatha malemu anayamba kubanika, ndipo Lachiwiri pa 15 Okutobala 2024, nthawi ya 4 koloko madzulo, anatisiya mutu uli pa mkono wa mwana yemweyo. Abusa anali atabwera dzulo lake ndipo anawafunsa ngati pali chimene akufuna kutula. Anayankha kuti palibe. Anali ndi zaka 80.

Lachitatu m'mawa apolisi anatiuza kuti mfuti za malemu zikaperekedwe. Ndinadula chingwe chija n'kutsegula kachipinda. Muli mabotolo 612 pa mashelefu, m'ndondomeko ya masiku, fumbi lake ndi la kuyambira pamene dzanja lawo linalekera kuwapukuta. Sindinkafuna kanthu, koma maso anapita okha pa Ogasiti 1996. Pa tsiku la 14 pali mabotolo awiri oyandikana. Sanawabise n'komwe. Ndi awa ndawaika pa tebulo, pambali pa kasikelo kawo. Ndiwerenga zimene analemba ndi dzanja lawo, ndipo aliyense wodziwa malembedwe awo abwere adzaone.

Loyamba lilibe kanthu m'kati. Pa pepala alemba kuti: "Njati, mumtima. .30-06, mtovu, 180, kwatsala 151. Ndi chimene chinagwetsa."

Lachiwiri lili ndi chipolopolo. Alemba kuti: ".375, mkuwa, 300, kwatsala 300. Chinadutsa njati, chinaima mwa Kalondolondo."

Ndinachiika pa kasikelo, ndipo ndi 300 ndendende, chosapindika, ngati chogula dzulo. M'mfuti imene mwanayu ananyamula sichingalowe n'komwe. Ndifotokoze mwachimvekere kwa okhala kumbuyo. Mkuwa wa malemu unaboola njati, unatulukira kuseri n'kupha a Kalondolondo, monga momwe alenje anzawo ankawachenjezera. Mtovu wa mwana unalowa mumtima mwa njati n'kuima momwemo, ndipo ndi umene unapulumutsa bambo ake. Malemu anautulutsa mumtimamo, anaukulunga m'thonje la dokotala n'kupita nawo ku khothi. Anamumangitsa ndi chipolopolo chabwino koposa chimene mwanayu anawomberapo m'moyo wake. Woweruza anamunamiza, akazi awo anawanamiza, mwana wawo anamunamiza mpaka mpweya womaliza, koma botolo la mankhwala analephera kulinamiza. Cha mkuwacho akanatha kuchiponya m'chimbudzi tsiku lomwelo. Sakanatha, chifukwa a Sikelo sataya chipolopolo.

Ndinamupeza mwanayu kuseri akusita shati imene malemu avala m'bokosimu. Ndinamuonetsa mabotolo. Anawerenga, anatenga chipolopolo n'kuchiyeza katatu monga momwe bambo ake anamuphunzitsira, akumapukuta mbale nthawi iliyonse. Sanalire. Anangondifunsa kuti: "Ndiye bambo aang'ono, ine zaka zonsezi ndimapepesa chiyani?" Anabwerera pa tebulo n'kumaliza kusita kolala. Dzulo anandipempha kuti ndisawerenge izi, akuti munthu wapita kale, tisamuvule pagulu. Mwana wanga, ndinakutsekera khomo kamodzi chifukwa chomvera bambo ako. Lero sindiwamveranso, ndipo iwenso sindikumvera.

Mayi a kwa a Kalondolondo, munabwera m'mawa uno ndi nkhata ya maluwa, ndipo munandiuza kuti malemu anali bwenzi lenileni la amuna anu. Nkhatayo sinaikidwe, ili pomwepo, muchita nayo mmene mufunira. Botolo lachiwirili ndi lanu mukalifuna. Miyala imene munaponya palibe akukuimbani nayo mlandu, chifukwa amene anakulozerani poponya ndi awa agona apawa.

Malemu asiya ana atatu. Woyamba ndi mlenje amene anagwetsa njati ya pa 14 Ogasiti 1996 ndi chipolopolo chimodzi mumtima, ndipo kuyambira lero amene adzamuitane ndi dzina lija ine ndili moyo, tidzaonana. Asiyanso mwana wamkazi, mwana wamwamuna wotsiriza, zidzukulu zisanu ndi zinayi ndi zidzukulutudzi ziwiri. Mwa zidzukuluzo muli mayi wa zaka 28 amene lero walowa muno, waona bambo ake pafupi ndi khomo n'kukakhala mbali ina. Mdzukulu wanga, sunalakwe, unauzidwa. Mpando umene uli pambali pa bambo ako ulibe munthu kuyambira m'mawa. Sindikukulamula. Asiyanso ine, mng'ono wawo, amene ndinawagwira chanza pa masitepe.

M'malo mwa banja ndikuthokoza anamwino amene ankabwera kudzawaona kunyumba, anansi amene anatibwereka mipando, a kwaya, okumba manda, amayi amene akhala pa moto kuyambira Lachitatu, ndi alenje anzawo amene abwera kudzanyamula bokosi. Ngati wina mwa iwo wasintha maganizo, tili ndi ena. Ndikuthokoza omata matayala anzake a mwanayu, amene anamugwirira malo ake zaka zitatu iye akuchapa zofunda. Abusa, zikomo chifukwa simunandilande maikolofoni, ndaona munadzuka kawiri.

Mfuti zapita ku polisi. Kasikelo tikaika m'bokosi, m'dzanja lawo lamanzere limene linatsala lamoyo, chifukwa sankakhulupirira muyezo wa munthu wina ndipo kumene akupitako adzafuna kuyezanso okha. Achimwene, munatiphunzitsa kuti chilichonse chili ndi kulemera kwake ndipo sichipitirira. Mzimu wanu uuse mu mtendere wolingana ndi umene munapatsa mwana wanu, osapunguka, osapitirira ngakhale gireni imodzi.